Keyala Yopanda Mwini

Pakhomo pa aphunzitsi a Abraham Mbewe panali pabwino, ndipo ndikunena ine amene ndinkapalapo moto m'mawa uliwonse. Nyumba yawo inali ya njerwa zootcha, kuseri kwa sukulu ya kwathu ku Kapandula, mtunda wa njinga kuchokera ku Katete boma. Pabwalo panali mtengo wa mango umene mwana aliyense wa m'mudzi ankauyesa wa kwawo. Akazi awo, a Evelyn, ndiwo ankayambitsa nyimbo ku Chigwirizano cha amayi a mpingo. Koma dzina la Evelynlo linkamveka kutchalitchi kokha, poitana mayina. Tonsefe tinkawaitana kuti amake Hope, chifukwa Hope ndiye anali mwana wawo woyamba. Wachiwiri, ndiponso womaliza, anali Trevor.

Inu ana a masiku ano simudziwa kukoma kwa keyala. Mudzi wonse tinali ndi keyala imodzi, bokosi la sukulu la ku positi. Lachisanu aphunzitsi ankapalasa njinga kukatenga makalata, ndipo dzuwa likapendeka tinkadzaza pansi pa mango paja ngati tikudikira nyama ya ukwati. Iwo ankaitana dzina, Hope ndi Trevor n'kumathamanga kukapereka kalata kwa mwini wake. Ine sindinkalandira kawirikawiri, koma sindinkajomba. Ndinkadziwa amene mwamuna wake ku Kitwe akulembabe, ndi amene mwamuna wake wapeza womuchapira malaya. Munthu ukafuna nkhani, unkangoyang'ana nkhope.

Nthawi zina inkabwera kalata ya munthu amene tinamuika kale. Imeneyo aphunzitsi sankaiitana pagulu. Ankavula chipewa, n'kuitenga okha kukaipereka kwa ofedwa. Ankati, "Dzina la munthu si chinthu choseweretsa, Trevor. Ngakhale mwini wake wagona, dzinalo lili ndi abale."

Hope anatisiya ali namwali, atadwala masiku owerengeka. Mudzi unalira. Koma dzina linatsala pakhomo paja: amake Hope anakhalabe amake Hope, ndipo palibe amene anaganizapo zowasintha.

Trevor anakula bwino. Anakhoza giredi 12, ankaimba besi mukwaya, ndipo atsikana ankachita kusintha njira ya kudirawo kuti adutse pamene iye akukonza njinga. Mtima wake unali pa koleji ya zaulimi. Koma atate wake anali atapuma pa ntchito, ndipo m'nyumba munalibe mphamvu yomutumizira kumeneko.

Mwayi unabwera ndi kampani ina ya mbewu ya ku Lusaka. Inkafuna achinyamata olembetsa alimi pa foni, kuti mvula ikamayandikira alimiwo adzalandire mbewu ya soya ndi mpendadzuwa. Ndipo inalonjeza kuti amene adzalembetse alimi ambiri m'chigawo chathu idzamulipirira sukulu ku koleji. Trevor atabwera ndi sikipa ya kampani ndi kapusi yake, amake anayambitsa nyimbo pabwalo pomwepo.

Koma ntchitoyo inali yolemetsa. Mlimi aliyense ankafunika kupereka dzina, chaka chobadwa, mudzi, ndi imelo, ija keyala ya pa intaneti. Alimi athu ambiri analibe. Ndiye Trevor ankayenera kukhala pansi ndi munthu, kumutsegulira imelo yakeyake, kudikira nambala yotsimikizira ibwere pa foni, kenaka n'kumulembetsa. Kwathu netiweki imagwira pamwamba pa chulu. Ine anandilembetsa titakwera chulu cha kumunda kwa a Lazarous, nditakwinya chitenje ngati ndikuwoloka mtsinje. Pa tsiku ankalembetsa anthu ochepa, nthawi zina osakwana zala za dzanja limodzi. Anafika mpaka ku Sinda ndi kumapiri a ku Vubwi, n'kumabwera milomo itauma, tayala litaphulika.

Tsiku lina foni yake inasweka galasi, ndipo anapita nayo kumsika wa Katete kwa Newton. Ameneyu anali mnyamata wokonza mafoni, wa tcheni pakhosi, wa pakamwa potsekemera ngati nzimbe za kudimba. Amake ndinaphunzira nawo, ndipo ndinganene zambiri, koma lero si tsiku lake.

"Iwe Trevor, uzafa na njinga," anatero Newton akumata galasi. "Wayonda monga galu wa m'chilala. Walembesa bangati?"

Trevor anamuuza.

Newton anaseka mpaka kugwira thebulo. "Kuli kamtsikana ku Sinda kakupitilila kudala. Koleji uzaiona pa kalenda chabe. Bwela kuno, mwana wa aphunzitsi, nikuonese vinthu."

Anamutsegulira tsamba lina pa intaneti. Anangodina kamodzi, imelo yatsopano n'kutulukira, yopanda kufunsa dzina, yopanda kufunsa nambala ya foni.

"Iyi ni ya ndani?" anafunsa Trevor.

"Ilibe mwine. Ulembesa nayo munthu, uthenga wa kampani ubwela apa, udina, basi. Pakapita kanthawi yafa yeka. Palibe amene angailondole. Ufuna ina? Dina futi."

"Nanga mlimi wake?"

"Mlimi ni iwe. Ganiza chabe zina. Kompyuta siziba kuti munthu ali na miyendo."

"Atate akadziwa..."

"Atate bako baziba choko na bolodi. Ivi ni va ise."

Trevor anayesa mmodzi. Dzina lopeka linalowa. Anayesa wachiwiri. Pofika nthawi yokwera minibasi anali atalembetsa anthu ambiri kuposa a sabata yathunthu ya pa njinga, thukuta osatuluka ngakhale dontho.

Kuyambira pamenepo njinga inayamba kuchita dzimbiri. Mnyamata ankadzuka dzuwa litakwera, kusamba bwinobwino, kupita ku boma, n'kukakhala pa benchi ya Newton tsiku lonse, akudya mabanzi ndi kubereka alimi ndi chala. Ine ndinamuona ndi maso angawa nditapita kukagulitsa mtedza, ndipo ndinauzako anthu awiri atatu okha, a pamtima.

Atate wake anazindikira okha. Anamupeza pansi pa mango akuseka ndi foni.

"Trevor, njinga yako yamera udzu. Alimi ukuwapeza kuti?"

"Amabwera okha ku boma, atate. Masiku ano zinthu n'zapafupi."

"A kuti?"

"A ku Vubwi ambiri."

"Ku Vubwi ndinaphunzitsako zaka zambiri. Tanditchulire mmodzi, mwina ndimudziwa."

Trevor anayang'ana pansi, n'kunena kuti mayina ndi chinsinsi cha kampani.

Aphunzitsi anati, "Mwana wanga, ine za mafoni sindizidziwa. Koma ndanyamula makalata moyo wanga wonse. Keyala iliyonse iyenera kukhala ndi khomo loti munthu angagogodepo. Ngati ukulemba keyala yopanda khomo, tsiku lina wogogoda adzabwera pa khomo lako."

Amake nawo anamuitanira kukhitchini. "Koleji ikakhala yako idzakhala yako. Usaithamangire ndi miyendo ya eni."

"Amayi, musadandaule. Chaka chamawa mudzandiona nditavala ovolosi ya koleji."

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Posakhalitsa kompyuta ya kampani inayamba kukana. Trevor akalowetsa imelo ija, pa foni pankabwera mawu ofiira akuti imelo yotere siloledwa. Munthu wanzeru akanamva pamenepo kuti chenjezo lafika. Iye anathamangira kwa Newton.

"Baiziba iyo," anatero Newton, osatekeseka. "Masamba yali mbwee. Tenga iyi yanyowani, bakalibe kuigwila. Koma mazina yako yachilamo kupalana, boi. Banda, Banda, Phiri, Banda. Sakila mazina yeniyeni, na myaka yobadwa yomveka."

Tsopano mverani pamene Satana anakhalira pampando.

M'mwezi wa Okutobala banja la a Mbewe linavundukula chiliza cha Hope. Kwathu kumanda sikupitidwa wamba, munthu sungangolowako ngati ukupita kumunda, koma tsiku lotere mudzi wonse umalowa. Tinavala zoyera za Chigwirizano, abusa anapemphera, amake Hope anayambitsa nyimbo imene mwana wawo ankaikonda. Pamene tinkaimba ndinaona Trevor akuyenda yekha pakati pa ziliza, akujambula ndi foni. Ndinagwedeza mnzanga ndi chigongono n'kunena kuti, "Taonani chisoni cha mwana, akufuna chikumbutso." Ndinamumvera chifundo, ine wopusa.

Chonsecho mnyamata ankakolola mayina. Pa chiliza pamalembedwa zonse: dzina, chaka chobadwa, nthawi zina ndi mudzi womwe. Sabata imeneyo manda onse a Kapandula analowa ulimi wa soya. A Yosefe amene anafa ndi njoka, analembetsa. Agogo a Rebecca, amene pa moyo wawo wonse sankadziwa ngakhale wailesi kuti imayatsidwa pati, anapeza imelo. Ndipo tsiku lina, atatsala pang'ono kumupitirira mtsikana wa ku Sinda uja, mayina atamuthera, Trevor anayang'ana chithunzi chotsiriza. Ananena yekha pambuyo pake kuti chala chinaima kanthawi. Koma chinadina. Hope Mbewe, mudzi wa Kapandula.

Mitambo itayamba kusonkhana, galimoto yoyera inaima pa sukulu. Munatsika mayi wachitsikana wa magalasi, dzina lake Zione, wa ku ofesi ya kampani ku Chipata. Ine ndinali pa mjigo, ndipo mukudziwa kuti galimoto ikaima ndowa yanga imadzaza msanga.

"Pepani amayi," anatero mwaulemu, "ndikufuna kwa a Hope Mbewe."

Ana amene anali pamenepo anayankha onse pamodzi, "Kwa amake Hope ndi apo, pa mango!"

Nkhope ya mayiyo inamasuka, ngati munthu amene wapeza chimene amakayikira kuti chilipo. Ndinatula ndowa n'kumutsatira, poti mlendo sayenda yekha.

Tinapeza amake Hope akusankha mtedza pa mphasa, aphunzitsi ali pampando wawo. Anamulonjera mlendo, kumupatsa mpando ndi madzi.

"Ndinu amake Hope?"

"Ndine, mwanawe."

"Ndiye mtima wanga wakhala pansi. Ndabwera kudzaonana ndi a Hope. Analembetsa kwa ife mwezi wathawu kuti akufuna kulima soya. Ali kumunda?"

Lichero linapendekeka, mtedza n'kumwazika pansi. Amake Hope sanalire. Anayang'ana mlendoyo n'kufunsa ndi mawu aang'ono, "Mwati analembetsa liti?"

"Mwezi wathawu, amayi."

"Mwezi wathawu tinali kukamuikira chiliza."

Aphunzitsi anavula chipewa, monga ankachitira kale ndi makalata aja. Anatuma mwana kuti akaitane Trevor, amene tsiku limenelo anali m'nyumba, akugona masana. Anatuluka akuyasamula, atavala sikipa ya kampani. Ataona galimoto ndi nkhope ya amake, anaima pakhomo ngati wapondedwa ndi ng'ombe.

Zione anali atagwira pakamwa. "Amayi, mundikhululukire. Ndikanadziwa sindikanafunsa chotero."

"Palibe chimene mwalakwa," anatero aphunzitsi. "Tiuzeni zonse. Mwini wake ndi uyu, amve."

Mayiyo anafotokoza mosakweza mawu, ndipo ngakhale ine wa giredi 7 ndinamva. Anati imelo iliyonse ili ndi mchira wake, mawu aja a kumapeto, osonyeza kumene inachokera. Michira ya maimelo otayika kompyuta yawo imaidziwa, n'chifukwa chake inayamba kukana. Ikabwera michira yatsopano imadutsa masiku angapo, koma osati mpaka kale. Anati atatumiza uthenga kwa alimi onse wonena za tsiku lolandira mbewu, mauthenga a alimi ambiri a Trevor anabwerera, chifukwa makeyala ake anali atafa kale. Atafufuza anapeza kuti anthu onsewo, a ku Vubwi, a ku Sinda, a ku Mkaika, analembetsa pa foni imodzi, ili malo amodzi, kumsika wa Katete.

"Akuluakulu anafuna kungotseka osafunsa," anatero. "Ine ndinakana. Ndinati mwina mnyamatayu amathandiza anthu opanda mafoni, ndikaone ndekha. Ndinasankha dzina ili chifukwa ndi la banja lake. Ndinati munthu sanganame pa mlongo wake."

Nkhuku zinali zikutola mtedza pa mphasa, popanda woziingitsa.

"Trevor," anatero amake potsiriza, "tsiku lija tinkaimba, iwe unkajambula chiyani?"

Mnyamata anagwada pafumbi. "Amayi, ndimafuna koleji."

"Ndakufunsa kuti unkajambula chiyani."

"Ziliza."

"Zonse?"

"Zonse, amayi."

"Ndiye si ine ndekha." Anadzuka, n'kukutumula chitenje. "Mlongo wako anakubereka kumsana pansi pa mtengo uno. Anakuphunzitsa kuwerenga pa maenvulopu a anthu. Ine ndinamugoneka, ndinati wapuma. Iwe wakamudzutsa kuti akakulimire soya."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Lamulungu lotsatira nyimbo anayambitsa munthu wina.

Za koleji zinathera pomwepo. Mwayiwo unapita kwa mtsikana wa ku Sinda uja, amene anayenda ndi miyendo yake mpaka mapeto. Sikipa ndi kapusi Zione anabwerera nazo. Koma chowawa chinali china. Kampani sinathe kusiyanitsa msanga alimi enieni ndi a kumanda, ndiye inaimitsa onse amene analembetsedwa ndi Trevor kufikira atawaona mmodzimmodzi. Mvula siidikira ofesi. Inagwa, anzathu a midzi ina anabzala, ife amene tinakwera chulu tinangoyang'ana mizere yopanda kanthu. Mbewu inatifika mochedwa, ndipo soya wa chaka chimenecho anali wa msinkhu wa mwana wa nkhuku. A Lazarous, amene akazi awo omwalira analembetsedwanso, anakhala miyezi osapereka moni pakhomo pa a Mbewe.

Nanga Newton? Trevor atapita kukamulirira, anamuyankha akupitiriza kumasula foni ya munthu. "Ine ninakuonesa chabe tsamba. Kumanda sininakutume. Choka apa, unipingila makasitomala."

Mnyamata anayamba kuonda. Kukwaya anasiya. Ana ankamuitana kuti kapitawo wa kumanda, ndipo dzinalo linafika mpaka ku boma, ngakhale sindikudziwa amene analifikitsa. Ena ankati athawira ku Lusaka, ndipo chikwama anali atalongedza. Atate wake anamupeza nacho pakhomo.

"Ukupita kuti?"

"Kumene sandidziwa."

"Ukakhale ngati maimelo ako aja, opanda khomo?" Anamulanda chikwama n'kuchiika pansi. "Kalata yovuta sitinkaitumiza ndi mwana, unkaona. Ndinkainyamula ndekha. Nawenso nyamula yako. Popa njinga."

Anapita awiri, bambo ndi mwana, khomo ndi khomo, kulikonse kumene kunali dzina la pa chiliza. Aphunzitsi ankaima patali atagwira chipewa, Trevor n'kugwada n'kunena ndi pakamwa pake chimene anachita. Ena anamukhululukira pomwepo. Ena anamutukwana, ndipo anayenera. A Lazarous anamusiya ali chogwada mpaka mawondo anachita dzanzi, kenaka anati, "Dzuka. Mawa ubwere ndi khasu, munda wanga unachedwa chifukwa cha iwe." Trevor anapalira kumeneko mpaka dzinja linatha. Akulu a mpingo anamuika pa chilango, ndipo anakhala pa benchi ya kumbuyo kufikira nthawi yokolola.

Khomo lotsiriza linali la kwawo. Anapeza amake pansi pa mango, nagwada.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa kwa amake Hope."

Iwo anamuyang'ana, maso ali jenjenje. "Wachedwa nalo khomo lino."

"Ndimaliopa."

"Unayenera kuliopa tsiku lija." Anamusunthira lichero. "Khala pansi. Sankha mtedzawu. Wowola uziika padera, usausakanize ndi wabwino kuti uchuluke."

Lero Trevor alipo, amalima kumunda kwa atate wake, ndipo besi yake inabwerera mukwaya. Koleji sanapite. Mtsikana wa ku Sinda uja amadutsa pa njinga yamoto, ndiye mlangizi wathu wa zaulimi, ndipo akaima pa munda wa a Mbewe, Trevor amavula chipewa n'kumvetsera. Bokosi la ku positi linatsekedwa kalekale, mtengo wa mango unakalamba, ndipo Lachisanu limadutsa ngati tsiku lina lililonse. Ndikadutsapo ndimaonabe ana awiri aja akuthamanga ndi makalata, aliyense akufuula dzina la munthu wamoyo.

Tsono inu achinyamata amene mafoni sachoka m'manja mwanu, mverani. Ulesi ndiwo unayamba, bodza linatsatira, ndipo bodza likasowa chakudya limadya ngakhale abale ako. Musanyengedwe ndi wokuuzani kuti keyala iyi ilibe mwini, palibe adzailondole. Imelo yabodza imafa dzuwa lisanalowe, koma chimene mwalemba nacho sichifa. Makina akachedwa kukugwirani, Mulungu anaona kale pamene chala chinkadina. Lembani dzina lanu lenileni, pa keyala yanu yeniyeni, ndipo yendani mtunda umene ntchito ikufuna. Pakuti wogogoda adzabwera ndithu, ndipo kawirikawiri amene amatsegula chitseko si inu. Ndi amayi anu.